Mafuta Otsala M'chiwaya Angayendetse Malole

Nkhani yanga lero ndi ya mafuta ophikira amene takazingira kale nsomba kapena mbatata. Ena timawataya m'ngalande, ena timawabwereza mpaka atada bii, zimene zimaononga thanzi. Komatu mafuta amenewa angathe kuyendetsa malole.

M'chaka cha 2007, kampani yogulitsa zakudya ya McDonald's ku Britain inalengeza kuti malole ake 155 ayamba kuyendera biodiesel, ndiye kuti dizilo wopangidwa ndi mafuta otsala m'makhitchini ake. Nzeru yaikulu inali pa kasonkhanitsidwe: lole imene yatula zakudya inkabwerera itasenza mafuta otsalawo, motero panalibe ulendo wapadera.

Kapangidwe kake nkosavuta kumva. Mafutawo amawasefa, nkuchotsamo madzi, kenaka nkuwasakaniza ndi methanol ndiponso soda wopangira sopo pang'ono. Akadikha, glycerine amatsikira pansi, biodiesel nkuyandama pamwamba. Injini zambiri za dizilo zimayenda bwino pamene magawo 20 mwa magawo 100 a mafuta ake ali biodiesel, popanda kusintha chitsulo chilichonse.

Tsono phindu lake lili pati? Dizilo wamba amachokera pansi pa nthaka, ndipo mpweya woipa umene amatulutsa umaonjezera kutentha kwa dziko lapansi. Koma mpweya wochuluka umene biodiesel amatulutsa ndi womwe uja mpendadzuwa kapena soya anaukoka mumlengalenga pokula. Ndiponso sipafunika kulima munda watsopano, kapena kulanda mwana chakudya.

Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Dizilo wathu amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amadya ndalama zakunja. Kusandutsa zotsalira kukhala mafuta sikwachilendo kwa ife: mu 1982 ku Dwangwa anayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, wosakaniza ndi petulo.

Mafuta otsala sangakwanire malole onse, koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho ndikupempha inu oyang'anira makhitchini a zipatala, sukulu zogonera komweko, ndende ndi mahotela: asungeni m'migolo yotseka bwino, madzi asalowemo, ndipo muzilemba malita amene mumapeza mwezi uliwonse. Palibe amene angamange fakitale asanadziwe kuchuluka kwa mafuta amene alipo. Kuwerengako kuyambe ndi ife.