MLENDO NDI MAME: TIYAMBE TAFUNSA ENI NKHALANGO



Nkhani yanga lero ndi ya alendo odzaona dziko, ndi m'mene tingawalandirire m'mapiri athu a Dowa ndi Ntchisi popanda kuononga chimene iwo adzera.

Makolo amatiuza kuti m'masiku a nkhondo za Angoni, Acheŵa ankathaŵira m'nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, ndipo pachifukwa chimenechi sanaidule, pakuti inali linga lao. Nyumba imene lero ikutchedwa Ntchisi Forest Lodge inamangidwa mu 1914, ndipo boma la atsamunda linaika nkhalangoyi pansi pa lamulo mu 1924. Tsono taonani: anayamba kuisunga ndi anthu a m'midzi, lamulo linabwera pambuyo. Mitengo ikuluikulu, anchima, mbalame ndi agulugufe zimene mlendo amadzaona ndi chuma chimene anatisiyira agogo athu.

Bvuto lathu ndi lakuti kaŵirikaŵiri mapulani a nchito zokopa alendo amalembedwa kutali, m'maofesi a mumzinda. Munthu wa kumudzi amangomva kuti asaloŵenso m'nkhalango, koma ndalama za mlendo sazionako. Kodi munthu wotere tingamudzudzule bwanji akaotcha makala usiku? Safunsa anadya phula, ndipo pulani yosafunsa eni malo imafa isanabale.

Kunja kuli njira ina yokonzera nchito imene pa Chingerezi amaitcha design thinking. Anaitchukitsa ndi a kampani ya IDEO pamodzi ndi aphunzitsi a pa yunivesite ya Stanford ku America. Dzina lisakuopseni. Mmisiri wosula makasu amaidziŵa kale: amayang'ana dothi la kumunda ndi dzanja la wolimayo, amasula khasu limodzi, nalipereka kuti aliyese, kenaka nkulikonzanso.

Choyamba ndi kumvetsera. A komiti apite okha m'midzi yozungulira phiri, akakhale pamphasa ndi amai otola nkhuni ndi bowa, abambo ofula uchi, ndi anyamata amene amagwetsa mitengo pofuna mphalabungu. Akacheze ndi mlendo yemwe: anabvutika pati pa mseu nthaŵi ya dzinja, anafuna kugula chiani chimene sanachipeze?

Chachiŵiri ndi kutchula bvuto ndi dzina lake lenileni. Tikangoti anthu akuononga nkhalango, mankhwala athu adzakhala alonda ndi chindapusa basi. Koma tikati banja lilibe popezera ndalama m'miyezi ya njala, maganizo ena amatseguka.

Chachitatu ndi kusonkhanitsa nzeru. Mutu umodzi susenza denga. Pa bwalo alankhule onse, ndipo mau a mai wamasiye asanyozedwe chifukwa sanapite kusukulu.

Chachinai, ndiponso chachikulu, ndi kuyesa pang'ono tisanamange zazikulu. Tisathamangire kukongola ndalama zomangira nyumba ya alendo ya zipinda zambiri. Tiyambe ndi kanjira kamodzi kokwera phiri, achinyamata aŵiri operekeza alendo, ndi mabanja atatu ophika nsima ya ndiwo zakwathu. Ikatha nyengo imodzi tikhalenso pansi, tiŵerengere: alandira ndi yani, ndipo zingati? Zitsa zatsopano zachepa kodi? Cholakwika tichikonze chikadali chaching'ono.

Chitsanzo tili nacho pafupi. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene kwakhala anthu othaŵa nkhondo kuyambira 1994, mlakatuli wa ku Congo, Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Kunalibe hotela. M'malo mwake anakonza zoti alendo azigona m'makomo mwa mabanja a pomwepo, ndipo ndalama zinkagwera m'manja mwa eni nyumba. Anayamba ndi zimene anali nazo. Nanga ife, amene tili ndi Mvera kumene mishoni inayamba mu 1889, ndi Kongwe kumene inafika mu 1894, tilephera bwanji?

Koma ndichenjeze. Si zonse zimene zili pa msika. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005, ndipo alendo amafuna kumuona. Amene anganene choonetsa ndi chobisa ndi mafumu ndi akuluakulu a kudambwe, osati munthu wa galimoto wofuna phindu. Ndalama zimatha, koma mwambo ukaonongeka subwerera.

Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola kuti midzi igwirizane ndi Boma posamalira nkhalango. Khomo ndi lotsekula, chatsala ndi ife kuloŵa ndi umodzi ndi mwambo. Choncho ndikupempha komiti iliyonse kuti isanalembe pepala lopempha thandizo, iyambe yayendera midzi yake, ndipo pa msonkhano wotsatira idzatiuze zimene yamva.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Otsala ndi phiri ndife ndi ana athu. Tiwasiyire nkhalango yathunthu monga ife tinailandira.