Galimoto Yolira Lero Nikana Mawa

Mawu awa analankhulidwa kwa madalaivala ndi eni magalimoto a pa Sharpevale, m'boma la Ntcheu.

Galimoto yofa ndithu siivuta kwambiri, pakuti mwini wake adziwa kuti yafa ndipo aitana makaniko. Yovuta ndi ija imene ilira bwino Lolemba ndi Lachiwiri, koma Lachitatu m'mamawa, matumba atapakira kale, ingoti zii. Anyamata aikankha, iyo nilira, mwini wake naiwala zonse. Makaniko akabwera masana aipeza ili kulira ngati yatsopano. Ena pamenepa ayamba kukayikira anzawo a pasiteji kuti aichita chipongwe. Iyayi, galimoto yotere siinalodzedwe. Kawirikawiri pali waya kapena nati imene lero igwira, mawa nitaya.

Pa Sharpevale nkhani iyi si yamasewera. Malo ano ali m'chigwa cha Bwanje, pamsewu wa M5 wopita ku Salima, ndipo chipatala chachikulu cha boma chili kumtunda, ku Ntcheu. Njanji imene inafika ku Salima mu 1935 idutsa pompano, koma mayi amene wavutika pobereka pakati pa usiku sadikira sitima. Adalira galimoto ya pamudzi, ndipo nthawi imeneyo anyamata okankha ali m'tulo.

Tsono nthenda ya galimoto yotere igwidwa pa nthawi imene ili kukanayo, osati italira kale. Dalaivala asafulumire kuitana okankha. Ayambe wakhala phee, apotoze kiyi, namvetsere. Makutu ake ndiwo adzauza makaniko koyambira.

Ngati apotoza kiyi koma osamva kanthu, kapena amva kuti "kha" kamodzi, kapena "khakhakha" mofulumira, ayatse nyali zakutsogolo napotozenso kiyi, mnzake ataima kutsogolo. Nyali zikazilala kapena kuzimiratu, ndiye kuti moto suli kufika wokwanira. Mlandu uli pa batire kapena pa matemino ake.

Apa mpofunika kukhalitsapo, pakuti magalimoto ambiri okana-kana adwalira pamenepa. Dalaivala atsegule boneti, agwire temino iliyonse ndi dzanja naigwedeze. Temino yozungulira ndi dzanja njosamangika, ngakhale ioneke bwino m'maso. Mabampu a m'misewu yafumbi yopita kumidzi aigwedeza tsiku ndi tsiku, kotero kuti pena ikhudza bwino, pena ayi. Aonenso ngati pali ufa woyera kapena wobiriwira. Ufa umenewu utseka njira ya moto. Moto woyatsira wailesi ndi nyali udutsa ndithu, koma sitata ifuna moto wochuluka kwambiri pa kamphindi kamodzi. Nchifukwa chake munthu anena kuti, "Batire ili bwino, onani wailesi ili kulira," chonsecho injini osatembenuka.

Mankhwala ake ali m'khitchini. Soda uja amayi aphikira therere asungunulidwe m'madzi otentha, natsukire matemino atawamasula. Pomasula ayambe ndi temino ya chizindikiro cha kuchotsera, pobwezera ikhale yomalizira, kuti sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto pasathetheke moto. Apale mpaka mtovu uwale, amange zolimba, napake girizi pang'ono pamwamba. Chizolowezi chokhoma temino ndi mwala, kapena kukhomerapo msomali, nchoipa. Galimoto ilira tsiku limenelo, koma mutu wa batire usweka pang'onopang'ono, ndipo batire yatsopano si ya ndalama zochepa.

Asaiwale kutsata waya wokhuthala wochoka ku temino yomweyo ya kuchotsera kukamangika ku chitsulo cha galimoto ndi ku injini. Dzimbiri la pa bawuti imeneyo lagulitsa anthu masitata amene analibe chifukwa.

Batire yodzaza bwino, injini itazima, ionetsa mavoti 12.6 pa mita ya makaniko. Injini ikamalira iyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kufika pamenepo, oteneta siili kubwezera moto, ndipo mwina lamba wake wakhwefuka chabe. Kutentha kwa m'chigwa muno mu Okutobala ndi Novembala kuumitsa madzi a m'batire msanga. Batire ya zotsekera iwonjezedwe madzi ake ogula, osati a pamjigo, ndiponso osati asidi. Ndipo amene azula batire madzulo kuti ana aonere kanema kapena atchajire mafoni asadabwe m'mawa.

Nanga nyali zikakhala zowala bwino, koma sitata osatembenuka? Apo moto ulipo, koma suli kulowa m'sitata. Galimoto zambiri zochokera ku Japan nza otomatiki, ndipo izi sizilira giya ikapanda kukhala bwino pa P kapena pa N. Dalaivala aponde buleki, asunthire giya pa N, nayesenso. Ikalira, kaswitchi ka pagiya ndiko katha. Akumbukirenso kuti ya otomatiki siilira ndi kukankha, ngakhale mudzi wonse utasonkhana. Ngati sitata idzuka mnzake akaigogoda pang'ono ndi mpini wa sipanala, mabulashi ake kapena solenoidi zatha. Kugogodako kungamufikitse kunyumba lero, koma sitata imeneyo ipite kwa makaniko sabata yomweyo.

Pali mtundu wina: injini itembenuka bwinobwino koma osagwira. Pamenepo batire ndi sitata zilibe mlandu, ndipo kupotoza kiyi kosalekeza kungotentha sitata ndi kutha batire. Masekondi 10 akwana, kenaka apumitse theka la mphindi. Pa magalimoto ambiri a petulo a masiku ano, kiyi akangoyatsa, pampu ya m'thanki iyenera kumveka kung'ung'udza kwa masekondi awiri kapena atatu. Ikakhala chete tsiku lokanalo, aone fyuzi yake ndi rileyi. Mafuta a m'zigubu nawo abwera ndi madzi ndi fumbi zimene zitseka fyuluta. Ya dizilo yovuta m'mawa wa Juni ndi Julayi nilira bwino dzuwa likakwera, mapulagi ake otenthetsa afooka. Imene ilira bwino m'mawa koma nikana itaima pang'ono ili yotentha, kawirikawiri ndi sensa ya pa injini, ndipo imeneyo njofuna makaniko wa makina oyezera.

Tsiku lililonse limene galimoto yakana, dalaivala alembe kuseri kwa buku lake la ndalama: inali m'mawa kodi kapena masana, injini inali yozizira kapena yotentha, kunagwa mvula kapena ayi, anamva phokoso lotani, nyali zinatani. Ikakana katatu, atenge bukulo apite nalo kwa makaniko pamodzi ndi galimotoyo, ngakhale tsiku limenelo ili kulira.