ANA A KU ZINGALUME ACOKE KUBUSA, APITE KUSUKULU

Awa ndi mau amene anakambidwa kwa mamembala a Cipani a m'midzi ya Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza.



Dziko la Mfumu Zingalume liri m'boma la Chadiza, kum'mwera kwa Chipata, boma locita malire ndi Mozambique. Eni ace ndi Acewa, anthu a Kalonga Gawa Undi, amene mu Ogasiti amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba. Ndi dziko la khasu. Mvula ikagwa mu Novembala anthu amabzala cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi thonje, ndipo amene ali ndi khola la ng'ombe ndiye amayamba kutsiriza kulima. Ng'ombezo ndi cuma, koma ndizo zimene zacotsa anyamata ambiri m'kalasi.

Pa nthawi ya atsamunda amuna anali kusiya midzi kukafuna ndalama za msonkho m'mafamu a fodya a ku Fort Jameson, ena mpaka ku Southern Rhodesia, kumene ambiri anasanduka macona. Sukulu zinali za amishoni. Mpingo wa Dutch Reformed unatsegula Magwero mu 1899, ndipo mu 1908 unafika ku Nsadzu, m'boma lomwe lino. Mwana anali kuphunzira kuwerenga Baibulo ndi kulemba kalata, koma ofika Standard 6 anali owerengeka. Pamene Zambia analandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, dziko lonse linali ndi anthu a digiri ngati 100 cabe.

Boma la UNIP, motsogozedwa ndi Dr Kenneth Kaunda, linafalitsa sukulu kumidzi. Makolo anaumba njerwa, Boma linatumiza aphunzitsi. Mu 1977 linaika colinga cakuti mwana ali yense aphunzire zaka 9, koma mtengo wa mkuwa unali utagwa kale ndipo ndalama zinapelewera. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinali kuoloka malire ndi kuvutitsa midzi ya m'boma lino, kufikira mtendere wa ku Mozambique mu 1992. Mu 2002 malipiro a sukulu anacotsedwa kucokera Grade 1 kufika Grade 7, ndipo mu 2022 anacotsedwa mpaka Grade 12.

Nanga cotsekereza mwana lero nciani? Mnyamata wa zaka 9 kapena 10 amaperekedwa kwa mwini khola kuti abuse zaka zitatu kapena zinai, malipiro ace ng'ombe imodzi yaikazi. Atate ace amati ng'ombeyo idzabala, idzalima, idzakoka ngolo, pamene anyamata otsiriza Grade 12 angokhala pamudzi opanda nchito. Mau amenewa si a munthu wopusa, ndipo membala wa Cipani asawayankhe ndi cipongwe. Awayankhe ndi masamu.

Ng'ombe imene mwana anaivutikira zaka zinai ikhoza kufa ndi cigodola m'masabata ocepa. Mnyamatayo amabwerera ali wamkulu, wamanyazi kukhala pa benchi limodzi ndi tiana ta Grade 1, ndipo sabwereranso kusukulu. Mawa ndiye mlimi. Adzaima pa sikelo ya wogula soya osadziwa ngati thumba lafikadi makilogalamu 50. Adzasaina pepala la ngongole ya thonje ndi cala. Mankhwala ophera nkhupakupa adzawathira mongoganizira, cifukwa zolembedwa pa botolo sazidziwa. Akulu akumbukira Lima Programme ya kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, pamene alangizi anabweretsa cingwe copimira munda ndi kakapu ka feteleza. Ulimi wa lero wapitirira pamenepo: ngakhale mbiri ya feteleza imabwera pa foni, yolembedwa.

Za atsikana lamulo lanena kale. Kuyambira mu 1997 mtsikana amene watenga pathupi aloledwa kubwerera kusukulu atabala. Mu 2023 lamulo la ukwati linakonzedwa kuti ukwati wa mwana wosafika zaka 18 ukhale wosaloledwa, ngakhale wa mwambo. Pa Acewa mau a atsibweni amalemera pa ana a mlongo wao, cotero atsibweni ndiwo oyamba kufunsidwa mwana akasowa m'kalasi.

Nchito ya nthambi iri yonse ndi iyi. Iyende khomo ndi khomo, ilembe maina a ana onse a msinkhu wa sukulu amene ali kubusa kapena ali pakhomo, ndipo mainawo aperekedwe kwa nyakwawa ndi kwa mphunzitsi wamkulu. Eni makola agwirizane kubusa mosinthana, akulu okha-okha, anyamata azithandiza Loweruka ndi pa chuti. Anamkungwi apemphedwe kuika cinamwali pa chuti ca Ogasiti, sukulu zitatseka. Mtsogoleri wa nthambi amene m'khola mwace muli mwana wa eni ayambe ndiye kumubweza kwao, ndipo amulipire za miyezi imene wabusa kale.