KODI MWANA WA SUKULU ANGAKANE KUCITIRA SAWACHA MBENDERA?

Mafumu, aphunzitsi ndi makolo nonse, mverani mlandu uwu.

M'caka ca 1935, m'tauni ya Minersville ku America, ana awiri a mpingo wa Mboni za Yehova anakana kucitira sawacha mbendera, nati kutero nkupembedza fano. Anawacotsa sukulu. Mlandu unafika ku Bwalo Lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1940 oweruza 8 mwa 9 anati sukuluyo sinalakwe. Citapita ciweruzoco, Mboni zambiri zinamenyedwa, ndipo ana enanso anapitikitsidwa.

Koma pa 14 June 1943, pa mlandu wa Barnette wa ku West Virginia, Bwalo lomwelo linabweza mau ace. Oweruza 6 mwa 9 anagamula kuti Boma silingaumirize mwana kubvomereza ndi pakamwa cimene mtima wace ukana.

Ku Zambia zinayenda mwina. Mu 1967 Bwalo linati sukulu ya ku Mufulira sinacimwe poimitsa mtsikana wokana sawacha ndi nyimbo ya pfuko. Ku Malawi mpingowo unaletsedwa kuyambira 1967 kufikira 1993. Ku India, mu 1986, Bwalo Lalikulu linabwezera ku sukulu ana atatu a ku Kerala, popeza anali kuimirira mwaulemu ngakhale osaimba.

Tsono mphunzitsi akaona zotere, ayambe wafufuza: kodi mwanayo acita cipongwe, kapena atsata cikhulupiriro ca kwao? Aitane makolo asanamcotse, pakuti mwana akataya maphunziro, dziko silipindulapo kanthu.