Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mpikisano wa Mpira Wokumbukira Malemu Mphunzitsi wa Achinyamata ku Phalombe



Munthu amene akukumbukiridwa pabwalo lino sanali wolembedwa ntchito ndi boma kapena bungwe la FAM, lomwe limayendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno, ndipo pa zaka zonse zimene anaimba wezulo pano sanalandirepo malipiro. Anayamba ndi chikulunga, mpira wa majumbo omangidwa ndi zingwe, komanso zigoli za nsungwi zimene ankadzika yekha dzinja likatha, koma lamulo lake linali lokhwima kuposa la matimu ambiri a m'tauni. Mwana wojomba kusukulu sankaloledwa kukhudza mpira, ndipo Loweruka lililonse osewera ankafola ndi makope m'manja kuti malemu aone madeti ndi cholembera chofiira cha mphunzitsi asanatchule oyamba kulowa m'bwalo.

Mphamvu ya lamulolo inkachokera kunyumba kwake. Dera lino limatsata chikamwini, mwambo umene mwamuna amakakhala kumudzi kwa mkazi wake ndipo ana amawerengedwa kuti ndi a mbumba ya atsibweni awo. Mwambowu ndi wabwino ndipo wasunga mabanja a Alomwe kwa mibadwo yambiri, koma pali abambo ena amene amabisalamo, n'kumati fizi, yunifomu ndi chilangizo cha mwana ndi nkhani ya kuchikazi. Malemu anali mkamwini amene sanabisale. Ankalima nandolo ndi mpendadzuwa limodzi ndi mkazi wake, ndalama za zokolola ankawerengera naye pamphasa imodzi, ndipo pamsonkhano wa makolo kusukulu, pamene nthawi zambiri pamadzaza amayi okhaokha, iye ankapezekapo. N'chifukwa chake makolo anzake sankakayika kumpatsa ana awo, ngakhale aakazi.

Anthu a kuno amadziwa zimene mapiri a dera lino amachita akakwiya. Akuluakulu akukumbukira napolo wa mu Marichi 1991, madzi amene anatsika m'phiri la Michesi atanyamula miyala, mitengo ndi matope, ndipo ana amene ali pano anaona okha namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene midzi ya kwa Nkhulambe ndi madera ena inakwiririka, sukulu n'kusanduka misasa ya anthu osowa pogona. Chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti ngozi zotere zikadutsa, anyamata amawolokera ku Mozambique kukasaka ganyu, atsikana n'kukankhidwira m'mabanja, ngakhale kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Pa masiku ovutawo malemu ankayenda m'misasa kuitana osewera ake mmodzimmodzi, ndipo mwana akasowa pabwalo kawiri, makolo ankangomva "odi" pakhomo.

Amene amati mpira ndi chibwana ayang'ane Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene anakulira ku Rumphi ndipo lero dziko lonse lapansi likuwadziwa, komanso timu ya Scorchers imene inatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Luso lotere liliponso ku Migowi ndi ku Chiringa, ndipo aliyense amene anaonapo achinyamata a m'mbali mwa phiri la Mulanje akuthamanga pa mpikisano wa Porters' Race sangatsutse. Komabe phindu lalikulu la ntchito ya malemu lili mwa ana ambiri amene sadzasewera kunja, koma anafika Fomu 4 chifukwa choopa kuchotsedwa m'timu.

Tsopano pali mawu awiri opita kwa eni dera. Mafumu ateteze mabwalo a masewera, pakuti ambiri akuphwanyidwa pang'onopang'ono ndi mizere ya chimanga komanso maziko a nyumba, ndipo aphungu ndi makhansala akumbukire mipira ndi zigoli pogawa ndalama za chitukuko, osati pa nthawi ya kampeni yokha. Mawu achiwiri akupita kwa abambo, makamaka amene aima kumbuyo uko pafupi ndi njinga za kabaza. Timu ya malemu ili ndi ana koma ilibe mphunzitsi, choncho amene ali okonzeka kutenga wezulo akalembetse mayina awo kwa wapampando wa mwambo uno masewera omaliza asanayambe.

Mulungu adalitse banja la malemu ndi boma la Phalombe.