Loŵeruka Lina pa Gombe la Durban

Nkhani ya sabata ino ndi ya mnyamata wina wa ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, amene anapita kukachita maphunziro apamwamba pa University of KwaZulu-Natal, mumzinda wa Durban, m'dziko la South Africa. Dzina lake silitchulidwa, pakuti zimene zinamuonekera zingathe kugwera mwana wa munthu aliyense.

Kuti mnyamatayo afike kumeneko, abale ake anavutika. Mayi ake anakhala zaka zambiri akugulitsa mbatatesi ndi kabichi pamsika wa pamphambano ya Tsangano, ndipo malume ake anagulitsa ng'ombe ziŵiri kuti ndalama za ulendo zikwanire. Pomutsazika, malumewo anamukumbutsa kuti dziko limene ankapitalo ndi kumene makolo a Angoni anachokera m'zaka za m'ma 1820, pa nthaŵi ya nkhondo za Shaka. Motero mnyamatayo ananyamuka ali ndi mtima woti akupita kwa agogo ake.

Atatha mwezi umodzi ali pa mabuku, anzake aŵiri, wina wa ku Zambia ndi wina Mzulu wa komweko, anamuitana kuti Loŵeruka akaone nyanja. Anakwera minibasi m'maŵa natsikira ku North Beach. Mnyamatayo anaima pamchenga kukamwa kuli yasa. Nyanja ya Malaŵi anaiona kamodzi ku Senga Bay ali ku sekondale, ndipo kusambira anaphunzirira m'maiŵe a mitsinje ya kwawo akuŵeta ng'ombe. Koma madzi otere, a mafunde otalika kuposa munthu, anali asanawaone.

Gombe limenelo lili ndi mbiri yake. Lamulo la mu 1953 linagaŵa malo osangalalira potsata khungu, kotero kuti magombe abwino a ku Durban anali a azungu okha. Mu Novembala 1989, Pulezidenti F. W. de Klerk analengeza kuti magombe atsegulidwe kwa anthu onse, ndipo lamulolo linafafanizidwa mu 1990. Wophunzira wa ku Malaŵi amene akanafika kumeneko mu 1980 sakanaloledwa kuponda mchenga umene mnyamatayu anaimapo. Mzulu uja atafotokoza zimenezi, chimwemwe cha mnzakeyo chinakula.

Pakati pa gombe panali mbendera ziŵiri za mtundu wofiira ndi wachikasu, ndipo anthu onse anaunjikana pakati pa mbenderazo. Mzulu uja anati, “Achimwene, tisambire pomwe pali anthupa.” Koma mnyamata wa ku Tsangano sanafune kupanikizana. Chapatali pang'ono anaona malo amene mafunde sanali kusweka, madzi ake akuda bii ndi odikha ngati dziŵe la kwawo. Anaganiza kuti pamenepo ndiye pabwino, naloŵa yekha.

Pano mpofunika kufotokoza kusiyana kwa nyanja ziŵirizi. Nyanja ya Malaŵi ndi ya madzi opanda mchere, ndipo imawinduka makamaka kukamaomba mphepo ya mwera. Nyanja ya India ili ndi mchere wokwana magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo chifukwa cha mphamvu ya mwezi madzi ake amakwera ndi kutsika kaŵiri pa maola pafupifupi 25 alionse. Ku Durban, mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, kukwera ndi kutsikako kumayandikira mamita 2. Malo amene m'maŵa madzi analekeza m'maondo, masana angathe kumiza munthu.

Choopsa koposa ndi china. Mafunde amatutira madzi kumtunda kosalekeza, ndipo madziwo ayenera kubwerera. Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Pobwerera amadzikumbira ngalande mumchenga wa pansi, nayenda m'menemo ngati mtsinje wolunjika pakati pa nyanja. Mtsinje wobisikawu ungathe kuthamanga mamita 2 pa sekondi imodzi, liŵiro limene ngakhale katswiri wosambira sangalimbane nalo. Popeza ngalandeyo ndi yakuya, mafunde sasweka pamwamba pake, ndipo kwa mlendo malowo amaoneka ofatsa. Amenewo ndiwo malo amene mnyamata uja anasankha.

Madzi atamufika m'chiuno, mchenga unayamba kuthaŵa kumapazi kwake. Posakhalitsa anaona kuti anthu a pagombe akuchepa. Anatembenuka nayamba kupalasa ndi mphamvu zonse kuloza kumtunda, koma m'malo moyandikira ankatalikirabe. Manja analema, madzi amchere anamuloŵa m'kamwa ndi m'mphuno. Mwamwayi mnzake wa ku Zambia anali atamuona, nathamangira kwa alonda opulumutsa anthu amene amakhala pafupi ndi mbendera zija. Mlonda mmodzi anamulondola ndi choyandamitsa, namukokera cham'mbali kufikira atatuluka m'ngalandemo, kenaka mafunde omwewo anawathandiza kubwerera kumtunda.

Mnyamatayo atasanza madzi ndi kupezako mphamvu, mlondayo anamulangiza mofatsa. Anamuuza kuti mbendera zija amaziika poona kumene madzi ali bwino tsiku limenelo, ndipo amazisuntha nyanja ikasintha. Anamuuzanso kuti munthu akagwidwa ndi madzi obwerera asalimbane nawo, pakuti sakokera pansi koma kutali. Chomiza munthu ndi mantha ndi kutopa. Ayenera kugona chagada nayandama, kukweza dzanja limodzi kuti aonedwe, ndipo ngati mphamvu zilipo asambire motsata gombe mpaka atatuluka m'ngalandemo, popeza kaŵirikaŵiri siikhala yotakata. Asaloŵe m'nyanja yekha, usiku, kapena atamwa moŵa. Mnyamatayo anachoka kwawo akuopa nsomba zolusa za shaki, osadziŵa kuti ku Durban anayamba kutchera maukonde oziletsa mu 1952, ndi kuti chimene chimatha anthu ambiri m'magombe ndi madzi enieniwo.

Lamulungu madzulo anaimbira foni kumudzi. Poyamba anafuna kubisa, koma pomva mawu a mayi ake anaulula zonse. Mayiwo anakhala chete kanthaŵi, kenaka anati, “Mwana wanga, tinakutuma kukatenga maphunziro. Bokosi lochokera kutali chotero ife tikanalinyamula ndi chiyani?” Malume ake analanda foni nati, “Mphwanga, safunsa anadya phula. Kwa eni ake uzifunsa eni ake.”

Chaka chilichonse ana a dziko lino amapita kukaphunzira ku Durban, Cape Town, Dar es Salaam ndi mizinda ina ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Makolo amawalangiza za ndalama, za anzawo oipa ndi za mapemphero, koma za madzi saganizako, chifukwa Malaŵi alibe gombe la nyanja yotere. Wophunzira ayenera kupuma ndi kuona dziko, ndipo kumuletsa sikungathandize. Chofunika ndi chakuti pa malangizo aja awonjezerepo la mbendera ziŵiri.

Mnyamata wa ku Tsangano anabwereranso ku North Beach patapita masabata atatu. Asanavule nsapato anapita kukapereka moni kwa mlonda uja, namufunsa kumene madzi anali bwino tsikulo.