Nsanja ya Ezara ndi Makina a m'Sukulu Zathu

Ulaliki wa pa wailesi, Lamulungu Lachitatu la pa Chaka, Chaka C. Maŵerengo: Nehemiya 8, 1 Akorinto 12, Luka 4.



Maŵerengo oyamba a lero akutitengera ku Yerusalemu, pa bwalo la ku Chipata cha Madzi. Aisraele anali atabwerako ku ukapolo wa ku Babiloni, linga la mzinda atalimanganso, koma ambiri mwa iwo sankadziŵa Malamulo amene Mulungu adapatsa makolo ao kudzera mwa Mose. Tsono adasonkhana, amuna, akazi ndi ana omwe amene anali atafika pa msinkhu womvetsa zinthu, napempha wansembe Ezara kuti abwere nalo buku. Ezara adaŵerenga kuyambira m'bandakucha mpaka dzuŵa lili pamutu. M'nkhaniyi muli zinthu ziŵiri zoti tizisunge. Choyamba, anthuwo adamkonzera Ezara nsanja yamatabwa, kuti aimirirepo, aonekere kwa onse, ndipo kuti mau ake afike ndi kwa amene anali kumbuyo. Chachiŵiri, Alevi anali pomwepo, kumatanthauzira anthu zimene zinkaŵerengedwa. Malembo Oyera akutiuza kuti anthu adalira, kenaka adapita kwao akusangalala, chifukwa chakuti zimene adaŵaŵerengera adazimvetsa.

Ambuye athu nawonso sadanyoze zipangizo zophunzitsira. Mu Mthenga Wabwino wa lero atambasula mpukutu wa mneneri Yesaya m'nyumba yamapemphero ku Nazarete, aŵerenga, akhala pansi, nayamba kufotokoza. Tsiku lina, anthu atachuluka m'mbali mwa nyanja, adaloŵa m'bwato la Simoni, nampempha kuti alikankhire m'madzi pang'ono, naphunzitsa ali m'menemo. Inu a kunyanja mukudziŵa m'mene mau amayendera pamwamba pa madzi kukakhala bata. Ndipo pamene adafunsidwa za msonkho wa kwa Kaisara, adayamba wapempha kuti amuwonetse ndalama, kuti ofunsawo aone ndi maso ao nkhope imene inali pamenepo.

Lero ndikufuna kuti tiganizire za buku lina la malamulo, ndi za nsanja zina. Bukulo ndilo Malamulo Oyendetsera Dziko la Malaŵi. Nsanjazo ndi wailesi, foni ya m'manja, tabuleti ndi kompyuta, zimene zafika m'sukulu ndi m'nyumba zathu. Musandimve molakwa: Malamulo a dziko si Mau a Mulungu. Adalembedwa ndi anthu ndipo anthu angathe kuŵasintha. Komabe ndiwo pangano limene tidapangana ngati mtundu umodzi, Akhristu ndi Asilamu, Ayao, Anyanja, Alomwe, Angoni ndi ena onse, lonena za m'mene tidzalamulidwire ndi m'mene tidzakhalire pamodzi.

Akuluakulu mukukumbukira kumene pangano limeneli lidachokera. Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalichi onse a Katolika mudaŵerengedwa kalata ya Aepiskopi athu yonena za umphaŵi, chilungamo ndi ufulu woyankhula. Mmodzi mwa amene adaisaina anali Ambuye Alessandro Assolari, Episkopi woyamba wa Mangochi, ndipo idasindikizidwa m'dayosizi yathu ino, pa makina a Ansembe a Montfort ku Balaka. Boma la nthaŵi imeneyo lidati kupezeka nayo kalatayo ndi mlandu, komabe idayenda m'manja mwa anthu. Pa 14 Juni 1993 Amalaŵi adasankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo nyali ya zipani zambiri idapambana. Pa 17 Meyi 1994 kudachitika chisankho, m'maŵa mwake Malamulo atsopano adayamba kugwira ntchito mongoyembekezera, ndipo adakhazikika kwathunthu pa 18 Meyi 1995.

Ana amene ali m'sukulu lero zonsezi sadaziwone. Ngakhale aphunzitsi ao ambiri adabadwa zitachitika kale. Buku lachiŵiri la Mafumu likusimba kuti m'masiku a mfumu Yosiya buku la Malamulo lidapezeka m'Nyumba ya Mulungu momwe, litaiŵalika. Buku lingathe kutayika lili pa shelefu, ngati palibe woliŵerenga. Ndipo anthu osadziŵa pangano lao, wina aliyense wa pakamwa pokoma angathe kuŵalanda choloŵa chao dzuŵa likuswa mtengo.

Kodi muli zotani m'bukuli zimene mwana wa ku Nankumba kapena wa ku Katuli ayenera kuzidziŵa? Ndime 12 ikuphunzitsa kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malaŵi, ndipo olamulira amangozisunga m'malo mwa eniake. Ndime 5 ikuti lamulo lililonse lotsutsana ndi Malamulo aakuluŵa lilibe mphamvu. Ndime 7, 8 ndi 9 zikugaŵa ntchito za boma patatu: Pulezidenti ndi nduna zake ayendetse dziko, Nyumba ya Malamulo ipange malamulo, makhoti atanthauzire malamulowo ndi kuweruza mosakondera. Apa tingakumbukire zimene Paulo Woyera watiphunzitsa lero, kuti thupi lili ndi ziwalo zambiri, ndipo palibe chiwalo chimene chingalande ntchito ya chinzake. Ndime 20 ikuletsa tsankho. Ndime 25 ikupatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro. Ndime 33 ikuteteza ufulu wa chipembedzo, umene umatilola ife kuno ku Mangochi kumva belu la tchalichi ndi kuitana kwa kumzikiti m'mudzi umodzi. Ndime 42 ikuti munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ndipo aonekere ku khoti pasanathe maola 48. M'chaka cha 2017 aphungu adasintha Malamuloŵa kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, nachotsa ndime imene inkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15.

Taganizirani mtsikana wa Sitandade 7 amene amalume ake akumkakamiza kuti akwatiwe ndi munthu wobwera kumene kuchokera ku Joni. Taganizirani mnyamata amene wachotsedwa m'kalasi kuti azikakoka makoka usiku. Kwa ana otere, kudziŵa ndime zimenezi si nkhani ya mayeso chabe. Moyo wao wonse wagona pamenepo.

Tsono nsanja zilipo. Wailesi ya MBC inkaulutsa maphunziro a sukulu kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ku Monkey Bay kudatsegulidwa wailesi ya m'dera ya Dzimwe, ndipo mu 1999 Radio Maria idayamba kuulutsa mau kuchokera kuno ku Mangochi. Mu 2008 kudayamba pologalamu ya Tikwere, imene inkaphunzitsa ana a makalasi oyamba kudzera m'mawailesi opukusa ndi oyendera dzuŵa, mphunzitsi ali pomwepo kutsogolera ana. Mu 2023 boma lidayamba ntchito ya BEFIT, yopereka matabuleti oyendera mphamvu ya dzuŵa m'sukulu zapulaimale, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuŵerenga ndi masamu. Matabuleti amenewo sadakonzedwere kuphunzitsa za boma, komabe mwana amene wadziŵa kuŵerenga watsegulidwa khomo la buku lililonse, ndi la Malamulo lomwe.

Ndipo tidaona tokha mphamvu ya wailesi pa 3 Febuluwale 2020. Tsiku limenelo oweruza asanu adaŵerenga chigamulo chao pa mlandu wa chisankho cha Pulezidenti cha mu 2019, kuyambira m'maŵa mpaka usiku, anthu akumvera m'misika, m'madoko ndi m'makomo. Adathetsa chisankhocho, ndipo china chidachitika pa 23 Juni chaka chomwecho. Kaya munthu adakondwera nacho chigamulocho kaya adakhumudwa, aliyense adaphunzirapo kuti ngakhale mpando waukulu m'dziko uli pansi pa Malamulo.

Eklezia saopa zipangizo zimenezi. Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata cha Inter Mirifica, chimene chidalandira wailesi, kanema ndi makina osindikizira ngati zinthu zodabwitsa zimene nzeru za munthu zatulukira mothandizidwa ndi Mulungu. Mu 1965, m'chikalata cha Gaudium et Spes, Msonkhano womwewo udalimbikitsa kuti anthu, makamaka achinyamata, aphunzitsidwe mosamala za udindo wao pa kayendetsedwe ka dziko.

Koma abale anga, Ezara akadakwera pa nsanja popanda Alevi, anthu akadangomva phokoso la mau nabwerera kwao monga adadzera. Makina amanyamula chilichonse chimene munthu waikamo. Foni imene ingasunge buku lonse la Malamulo ndi yomweyo imene imabweretsa mabodza a pa WhatsApp ndi Facebook, mau onyoza mtundu wina, ndi mauthenga opeka okolezera chidani pa nthaŵi ya chisankho. Makina alibe chikumbumtima. Sadziŵa mwana amene wagona ndi njala, kapena amene amamva bwino Chiyao kuposa Chicheŵa ndi Chingerezi. Alevi a masiku ano ndinu aphunzitsi, akatekisiti ndi makolo.

Inu aphunzitsi, musadikire chipinda cha makompyuta. Wailesi imodzi kapena foni imodzi ikwanira kuyambira. Aphungu akamakumana ku Lilongwe ndipo zokambirana zao zikuulutsidwa, tsegulirani ana kwa mphindi khumi, kenaka tsekani, muŵafunse kuti woyankhulayo akuimira dera liti, akupempha chiyani, ndalama zake zichokera kuti, ndipo akapanda kuchita zimene walonjeza, anthu angatani. Sankhani ndime imodzi ya Malamulo, ana aifotokoze m'mau aoao, m'Chicheŵa ndi m'Chiyao, muŵajambule mau pa foni, amvetsere anzao a kalasi ina. Yambirani pa zimene akuzidziŵa kale. Ana a kunyanja amadziŵa za nyengo yotseka nyanja kuti chambo chiswane, amadziŵanso makomiti a m'madoko amene adayambira ku Malombe mu 1993. Afunseni: adapanga lamulo limeneli ndani? Likuteteza yani? Nanga wolemera akaliphwanya nkumusiya, wosauka nkumulanda ukonde, chilungamo chikhala kuti? Mwana amene wayankha mafunso ameneŵa wamvetsa kale chifukwa chake anthu onse ayenera kukhala ofanana pamaso pa lamulo. Aloleninso kuti adzisankhire atsogoleri a kalasi mwachinsinsi, mavoti aŵerengedwe poyera, ndipo wogonja agwire chanza cha wopambana. Chinthu chimodzi chokha mupeŵe: kalasi isasanduke msonkhano wa chipani. Mwana atuluke m'manja mwanu akudziŵa kusankha, koma osadziŵa amene inu mudamsankha.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, mukamaphunzitsa lamulo lachinai, kumbukirani kuti limakhudzanso udindo wa nzika kwa olamulira, ndi udindo wa olamulira kwa nzika. Mukamaphunzitsa lachisanu ndi chiŵiri, nenani poyera kuti kuba mankhwala a m'chipatala kapena ndalama za chitukuko ndi kuba ndithu. Mukamaphunzitsa lachisanu ndi chitatu, auzeni achinyamata kuti kutumiza kwa ena uthenga wabodza wa pa foni ndi kuchita umboni wonama, ngakhale woulemba akhale wina. Itanani a Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere la m'parishi mwanu kuti akuthandizeni.

Inu makolo, mmera mpoyamba. Mwana akabwera ku sukulu nakuuzani za ufulu wake, musafulumire kunena kuti sukulu ikuwononga ana. Khalani naye pansi, mumfunse zimene waphunzira, ndipo inu mumuwonjezere mbali imene makina sangamphunzitse: kuti ufulu uli ndi mnzake, ndiye udindo, kuti ufulu wake umalekeza pamene payambira wa mnzake, kuti kulemekeza akulu sikudathe. Agogo amene mudaponya voti mu 1993, simbirani adzukulu anu za masiku amene munthu sankaloŵa mumsika popanda khadi la chipani. Nkhani imeneyo muli nayo ndinu, ndipo mukapita nayo kumanda osaisimba, palibe tabuleti imene idzaibweze. Foni ya pakhomo musangoisiya m'manja mwa mwana usiku wonse. Dziŵani zimene akumvera ndi kuwonera.

Tsiku lija ku Yerusalemu, Nehemiya adauza anthu kuti apukute misozi, akadye ndi kumwa, ndipo agaŵireko amene analibe kanthu. Umu ndimo m'mene kumvetsa malamulo kumathera: m'kukumbukira wosauka. Ngati ana athu adzadziŵa ndime zonse pamtima koma nkumadyera masuku pamutu amasiye, tidzakhala titagwira ntchito pachabe. Koma akadzakula ali anthu okana chiphuphu, oteteza ofooka, osagulitsa voti yao ndi nsalu kapena ndalama, pamenepo Mthenga Wabwino umene Ambuye adalalika kwa amphaŵi ku Nazarete udzamveka ndi kuno kunyanja.

Tipemphere. Inu Mulungu Atate, mwini nzeru zonse, dalitsani aphunzitsi, akatekisiti ndi makolo a m'dayosizi yathu ya Mangochi. Apatseni mtima woleza kuti atanthauzire ana zoona. Unikirani onse amene mudaŵapatsa udindo m'dziko lathu la Malaŵi, kuti atumikire anthu anu mwachilungamo. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.